Mboni ya a Gulamu

A Gulamu anamwalira Lachitatu m'mawa, ndipo pofika Lachinayi masana tinali titawaika kale m'manda, monga mwa mwambo wa Chisilamu. Mwana wawo Shamimu ndiye anandiimbira foni ndili pa shifiti, kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Kumanda ndinaima kumbuyo chifukwa mapemphero awo sindiwadziwa. Ndinapemphera anga chamumtima, ndipo nthawi yoponya dothi itakwana ndinaponya nawo.

Tsopano patha masiku makumi anayi. Amene analankhula pamaliro ananena za sitolo yawo ya ku Highfields kuno ku Leicester, za ana amene anawaphunzitsa, za mzikiti. Za mfuti panalibe anatchulapo. Sindikuwadzudzula, mfuti si nkhani ya pamaliro. Koma ine ndinakhala pambali pa mfuti imeneyo zaka zisanu ndi zitatu, ndipo pali chimene ndiyenera kunena.

Anali Mmwenye wa ku Malawi, wobadwira kuseri kwa sitolo ya bambo awo kufupi ndi Linthipe. Anachokako ali mnyamata wamkulu, nthawi imene Amwenye anauzidwa kusiya masitolo a kumidzi, ndipo atakhala pang'ono ku Limbe anabwera kuno ku Leicester. Chichewa chawo chinali chakale, cha ku Dedza, chokhala ndi mawu amene ngakhale ine ndinawasiya kwa agogo anga. Tsiku loyamba kulowa m'sitolo mwawo ndinali ndi malemu mkazi wanga Esinati. Iye anagwira chitenje china n'kundinong'oneza kuti nsalu zoterezi zimasuluka ukangochapa kawiri. Sitinaganize kuti mkulu wa ndevu zoyera amene anali pakauntala akumva.

"Mayi," anatero osadzutsa mutu, "nsalu imeneyo ikasuluka mudzabwere nayo, ndidzaivala ndine popita kumzikiti."

Esinati anaseka mpaka kugwira shelefu. Nsaluyo tinagula.

Dzina lakuti Adikoni anandipatsa ndi iwo. Sindinakhalepo dikoni, koma anaona kuti m'thumba la jekete langa simusowa Baibulo laling'ono, ndipo dzinalo linakhazikika. Za chipembedzo tinkatsutsana mwaulemu ngati anthu awiri okangana za njira yachidule yopita kumudzi umodzi. Ankati ife Akhristu timaimba kwambiri, Mulungu si wogontha. Ine ndinkawayankha kuti amene amadzutsa mzinda wonse mbandakucha si ife. Zikatero ankaseka n'kundithirira tiyi wina.

Esinati atamwalira ndinadzitsekera m'nyumba. Ndinkapita kuntchito, kutchalitchi, n'kubwerera. Patatha miyezi itatu, Loweruka lina m'mawa, a Gulamu anagogoda pakhomo galimoto ili chilirire pamsewu.

"Sindinabwere kudzakupepesani, Adikoni, ndinapepesa kale. Ndikufuna maso. Valani nsapato zolimba."

Tili m'njira ndi pamene anandiuza kuti tikupita kokawombera chandamale. Ndinawauza kuti ine mfuti sindigwirizana nazo. Anati palibe akundipempha kuigwira, ndipo kuti mfuti yawoyo chiigulireni sinaphepo kanthu kupatula penti.

Malowo, a kalabu ya anthu owombera chandamale, ali kunja kwa mzinda, njira ya ku Melton, pakati pa minda ya nkhosa, pamene kale ankaphwanyapo miyala. Pali shedi yaitali yotseguka kutsogolo, yogawidwa malo khumi pasimenti. Munthu amayala mkeka wake n'kugona chafufumimba. Kutsogolo, mayadi mazana awiri, kuli chimulu cha mchenga, ndipo patsogolo pa mchengawo amapachika zitsulo zozungulira zopakidwa penti yoyera, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Ukagunda, chitsulo chimalira ndipo pamatsala kadontho kotuwa. Ukaphonya, mchenga umadumpha. Ntchito yanga inali kukhala pakampando kumanzere kwawo, diso lili pagalasi loonera patali, n'kumawauza pamene chipolopolo chagwera. Anzathu achizungu ankawerenga ngati wotchi, pa 3 koloko, pa 9 koloko. Ife tinkayeza ndi chikhatho: kumanja chikhatho chimodzi, pansi zala ziwiri. Malo a a Gulamu anali achinayi, ndipo aliyense m'kalabumo ankadziwa zimenezo.

Mfuti yawo inali ya mtundu umene umadzitchera wokha. Ukawombera, yokha imataya chikhungwa n'kulowetsa chipolopolo china kuchokera m'kabokosi ka pansi kamene amati magazini, ndipo yakonzeka kale iwe usanapume. Lamulo la dziko lino limalola mfuti zotere pokhapokha zikhale za tizipolopolo tating'ono, tosaposa nsonga ya chala chakumapeto. Tizipolopolo timeneti tikamafika pa mayadi mazana awiri timakhala titatopa, ndipo kamphepo kalikonse kamatikankha ngati nthenga. N'chifukwa chake anzawo a m'kalabu ankawaseka. Iwo anali ndi mfuti zolemera zotchera ndi dzanja kamodzikamodzi, ndipo ankati ya a Gulamu ndi yothamangitsira akalulu m'munda. A Deriki, mzungu wamkulu amene amayang'anira chitetezo pamalopo, ankawafunsa sabata iliyonse kuti adzagula liti mfuti ya anthu akuluakulu. A Gulamu ankayankha kuti adzagula tsiku limene a Deriki adzawapose. Tsikulo silinabwere kawirikawiri.

Chinsinsi chawo chinali kudikira. Ankati mfuti imeneyi ilibe kuleza mtima, ndiye munthu ayenera kukhala nako kokwanira awiri. Achinyamata akabwereka mfuti yotere ankatha zipolopolo khumi mpweya umodzi, mchenga uli fumbi lokhalokha. A Gulamu zipolopolo khumi zomwezo zinkawatengera theka la ola. Mbendera zosonyeza mphepo sankazikhulupirira kwenikweni. Ankayang'ana udzu wa pakati pa njira, masamba a mtengo wa kumanja, ubweya wa nkhosa wokodwa pawaya. Nthawi zina ndinkaganiza kuti agona. Kenako udzu unkaima, mfuti n'kulira pang'ono ngati kuthyoka kwa kamtengo, ndipo patapita kamphindi chitsulo chinkayankha kutali. Ankati anaphunzira zimenezi ku Linthipe, kumene bambo awo ankawapatsa chipolopolo chimodzi chokha powatuma kukasaka nkhanga. Ukabwera wopanda nkhanga ndiponso wopanda chipolopolo, unkafotokoza bwino.

Anali munthu wa ndondomeko. Galasi la mfuti ankapukuta ndi kansalu ka chitenje kamene kanali kakale kuposa ana awo. Fulasiki ya tiyi wa jinja ankaipachika pamsomali umene anakhoma okha pamtengo wa shedi. Anali ndi kabuku kachikuto chakuda kamene ankalembamo za tsiku lililonse, manambala m'Chigujarati, mawu m'Chichewa, kuti a Deriki asabe nzeru. Nthawi ya swala ikakwana ankatenga mkeka wina woyera m'galimoto n'kukapemphera kuseri kwa shedi, ine n'kutsala ndikuyang'anira katundu.

Koma mwambo wawo waukulu unali wa pomaliza. Asanadzuke pamkeka ankanena mokweza mawu atatu, manja akuchita zomwezo: chotsa, koka, yang'ana. Kuchotsa magazini. Kukoka kachitsulo ka m'mbali kuti chimene chili m'mimba mwa mfuti chituluke. Kuyang'ana m'katimo ndi diso. Akatero ankalowetsamo kapulasitiki kachikasu kosonyeza aliyense kuti mfuti ilibe kanthu, ndipo a Deriki ankabwera kudzaona. Mlendo aliyense wofika m'kalabu ankamuitana n'kumuphunzitsa zimenezi, kaya wafuna kaya sanafune. Ankati ngozi ya mfuti yodzitchera yokha ndi yakuti munthu akachotsa magazini amaganiza kuti watha, chonsecho chimodzi chinalowa kale ndipo chikungodikira chala.

Tinakanganapo kwenikweni kamodzi kokha, m'chaka choyamba. Kunali mphepo yosakhazikika ndipo anaphonya kasanu motsatizana. Ndinkaona khosi lawo likufiira. Chachisanu ndi chimodzi chinadutsa pafupi kwambiri, kumanja, ndipo ine ndinawamvera chisoni. Ndinati agunda m'mphepete. Iwo anali atatseka m'makutu, mphepo ikuwomba, ndiye anandikhulupirira. Anawombera zinayi zotsalazo pamalo omwewo ndipo zonse zinapita mumchenga. Itakwana nthawi yokapaka penti tinayenda limodzi kukafika pachitsulo. Chinali choyera mbee. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchitembenuza ngati mwina kadontho kabisala kuseri.

"M'mphepete muja ndi muti, Adikoni?"

Ndinati ndimafuna kuwalimbitsa mtima.

"Mwandibera zipolopolo zinayi ndi ulemu wanuwo. Kwathu timati mkulu salakwa, ndikudziwa, inenso ndinakulira komweko. Koma pamkeka apa mkulu amalakwa, ndipo ndinakutengani kuti muzindiuza. Mukandinamiza kuti ndagunda, chotsatira chipitanso komweko."

Tsiku limenelo tiyi anamwa okha. Loweruka lotsatira anagogoda pakhomo nthawi yake ngati palibe chinachitika, ndipo kuyambira pamenepo sindinawonjezerepo ngakhale chala chimodzi pa zimene ndaona m'galasi. Ndinkaganiza kuti phunzirolo ndinalimvetsa.

Ntchito yanga yandiphunzitsa kuzindikira matenda oiwala asanafike poonekera kwa achibale. Mwa a Gulamu ndinayamba kuwaona zaka zitatu zapitazo. Anali atasiya sitolo, mayi a kunyumba kwawo atamwalira, ndipo ankakhala ndi Shamimu ku Oadby. Tsiku lina anazungulira randabauti kawiri n'kutenga njira ya ku Loughborough, njira ya ku Melton ataiyenda zaka makumi awiri. Tsiku lina m'fulasiki munali madzi otentha okha. Kangapo anandiitana ndi dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ku Limbe kalekale. Ndinayamba kuyendetsa galimoto ndine, ndikunamizira kuti ndikufuna kuzolowera misewu ya kumidzi. Ndikanakhala kuntchito ndikanalemba zonsezi m'lipoti tsiku lomwelo. Koma awa sanali wodwala wa m'chipinda chakutichakuti, anali a Gulamu. Ndinkawapempherera, n'kumadziuza kuti ndi ukalamba chabe.

Loweruka lina mu Okutobala kunacha bata, kozizira, udzu uli chiimire. Anawombera bwino kuposa miyezi yonse ya m'mbuyomo. Chitsulo chinalira kasanu ndi katatu, ndipo chimodzi chokha chinapita mumchenga, pansi chala chimodzi. Asanawombere chakhumi, a Deriki anaimba wezulo kuti aliyense aleke, anthu akapake penti, n'kuyamba kuyendera mfuti kuchokera kumalo akhumi. A Gulamu anachotsa magazini. Kenako anadzuka n'kugwada, mfuti ili m'manja, nkhope ili ndi chimwemwe, n'kuyamba kutembenukira kwa ine kuti andiuze kanthu. Mfutiyo inatembenuka nawo. Kumanzere kwathu kunali anthu atatu, mmodzi mayi amene anali atangoyamba kumene, akupinda mkeka wake.

Ndinagwira mpope wa mfuti n'kuubwezera kumchenga. M'zaka zonsezo kanali koyamba kuikhudza.

"Bambo, simunakoke."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero china. Kenako anayang'ana mfuti, n'kukoka. Chipolopolo chinadumpha, n'kugubuduka pasimenti mpaka kudzaima pansapato yanga. Palibe wina anaona. A Gulamu anachitola, n'kuchipukuta ndi kansalu kaja, n'kuchibwezera m'bokosi. Kapulasitiki kachikasu kanalowa atayesa kachitatu. A Deriki atafika pamalo achinayi anapeza zonse zili m'malo mwake, n'kuwayamikira kuti lero mfuti ya akalulu yadya bwino.

Tinakwera galimoto kubwerera. Ndinali ndi mtunda wonse wochokera kumeneko kukafika ku Oadby, ndipo mawu ndinali nawo. Titaima pageti anakhala kaye osatsika, manja ali pamaondo. Ndikuganiza tsopano kuti ankandipatsa mpata.

"Lero mphepo inali bwino," anatero pomaliza.

"Inali bwino, Bambo."

Anatsika. Nyengo yozizira yonseyo ndinkapempha mashifiti a Loweruka kuntchito, ndipo akaimba foni ndinkati abwana andipanikiza. Popanda ine woyendetsa sankapita. Ndinkadziuza kuti mwanjira imeneyi ndateteza anthu popanda kunyoza mkulu.

Kuno chiphaso chosungira mfuti chimatha pakapita zaka zisanu, ndipo pochikonzanso munthu amatchula mboni ziwiri, anthu osakhala achibale amene amamudziwa bwino. Apolisi amatha kuwaimbira mbonizo kufunsa ngati munthuyo ndi woyenerabe. Ulendo wapitawo ndinali mboni yawo ndipo ndinayankha ndi mtima woyera. Mu Malichi a Gulamu anandiitanira tiyi ku Oadby. Shamimu anatiikira masamusa n'kupita kuntchito. Tinacheza za mvula ya kwathu, za mitengo ya mapichesi ya ku Dedza. Kenako anatulutsa fomu m'envulopu n'kuiyala patebulo pakati pathu.

"Laisensi ija ikufunika kurinyuwa. Ndakulembani ngati mboni, monga kale." Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali kuposa mmene nkhaniyo inkafunira. "Mukuona bwanji, Adikoni?"

Ndinali nditagwira kapu yawo, m'nyumba ya mwana wawo, samusa yawo ili m'kamwa. Kumene ndinakulira mkulu sumukanira pamaso pake, makamaka pa chinthu chokhudza ulemu wake. Umavomera, kenako umafuna munthu wapakati woti akafikitse mawuwo mozungulira, kuti mkuluyo asinthe maganizo ngati waganiza yekha. Ndinameza n'kunena kuti palibe vuto, Bambo. Anapinda fomuyo pang'onopang'ono n'kuibwezera m'envulopu.

Munthu wapakati ndinamusowa. Shamimu ndiye anali woyenera, koma iye ndi bambo ake anakhala akukangana za mfutiyo chisamukireni. Sankafuna kabati yachitsulo yosungiramo mfuti pansi pa masitepe m'nyumba mokhala ana ake, ndipo a Gulamu ankati kabatiyo ikatuluka atuluka nayo. Kupita kwa Shamimu kunali ngati kukapereka mkondo kwa mbali inayo. A Deriki ndinawaopa chifukwa nkhani ikanafika kukomiti, mkulu n'kuchita manyazi pamaso pa anthu amene anawaphunzitsa yekha. Imamu wawo sindinkamudziwa. Ndinazengereza sabata zitatu, ndikupemphera kuti adokotala ndiwo aone vutolo, kuti chikho chimenechi chindipitirire.

Foni inabwera ndili pa buleki, nditakhala m'galimoto kuntchito. Anali mayi wapolisi wa mawu ofatsa. Anafunsa kuti ndawadziwa zaka zingati, ngati amamwa mowa, ngati pakhomo pali mtendere. Zonsezo zinali zosavuta. Pomaliza anafunsa ngati pali chilichonse chimene chimandidetsa nkhawa pa kusunga kwawo mfuti. M'maganizo ndinaona mayi wa kumanzere kwathu uja akupinda mkeka wake, osadziwa kanthu. Ndinanena zonse: randabauti, fulasiki, dzina la mng'ono wawo, chipolopolo chimene chinaima pansapato yanga. Anandithokoza, n'kunena kuti akudziwa kuti si zophweka.

Zotsatira zake ndinazimva kwa Shamimu patapita nthawi. Wapolisiyo anapita kukacheza nawo, kunabwera kalata ya adokotala, ndipo a Gulamu sanadikire kuti akanizidwe. Ananena okha kuti chiphasocho achisiya. Tsiku lokapereka mfuti kwa wogulitsa mfuti anaipukuta m'mawa wonse, n'kuchita mwambo wawo uja mokweza patebulo la kukhitchini ngakhale munalibe kanthu, n'kuinyamula okha kupita nayo kugalimoto. Kabati inachotsedwa sabata yomweyo. Pakhoma panatsala mabowo anayi.

Sanandiimbire, inenso sindinawaimbire. Wapolisi sanatchule dzina langa, koma za chipolopolo chija tinkadziwa anthu awiri okha. Ndinakonza mawu opepesa kambirimbiri, m'basi, m'tchalitchi, pometa ndevu za okalamba a kuntchito. Kamodzi ndinawaona pawindo la basi pa Evington Road, Shamimu atawagwira mkono, ndipo sindinatsike. Ndinkati ndidikire mkwiyo uzizire. Ine amene ndimadziwa bwino kuti matenda amenewa sadikira munthu.

Pamene ndinapita kukawaona panali patatha chaka ndi miyezi iwiri. Ndinawapeza pampando wa pawindo, ataonda, atavala chipewa choyera. Anandilandira ndi manja awiri ndipo mtima wanga unatsika. Ndinakhala pafupi n'kuwauza zonse, kuti ndine ndinalankhula ndi apolisi, kuti ndinayenera kuwauza iwo poyamba, pageti paja kapena patebulo paja, kuti ndinachita mantha n'kuwatcha ulemu. Anamvetsera akugwedeza mutu mwachifundo, monga ankachitira ndi kasitomala wodandaula.

"Pepani kwambiri," anatero. "Nanga nsalu ija ya mayi, inasuluka?"

Ndinati sinasuluke. Zinali zoona, ili m'sutikesi mpaka lero.

"Ndinawauza ine. Muwapatse moni."

Anatembenukira kuwindo. Ndinapitako kanayi konse pambuyo pake, ndipo ulendo uliwonse ankandilandira bwino ngati mlendo wochokera kumudzi. Dzina lakuti Adikoni sanalitchulenso.

Sabata yatha Shamimu anandiitana kuti ndikatenge kabuku kakuda kaja, poti m'banjamo palibe amawerenga Chichewa. Iye Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo m'Chingerezi momwemo anandiuza kuti sanandisungire chakukhosi, kuti mwina ndinapulumutsa munthu. Kenako anandiuza chimene sindinkadziwa. Madzulo a tsiku la fomu lija anawafunsa bambo ake chifukwa chake akulimbikira za mfutiyo. Iwo anayankha kuti sakulimbikira, anaitana Adikoni kuti awauze ngati nthawi yakwana, ndipo Adikoni ati palibe vuto. Ndipo tsiku limene wapolisi anachoka, a Gulamu ananena mawu amene Shamimu anawasunga mmene analili. Anawanena kwa ine m'Chichewa, pang'onopang'ono, ndi lilime la mwana wobadwira kuno:

"Adikoni anaona bwino. Koma anakauza mlendo, ine ndili pompano."

Kabukuko ndinakatsegula ndili m'basi. Manambala sinditha kuwawerenga. Tsamba lomaliza lolembedwa ndi la tsiku lija la mu Okutobala, ndipo pansi pa manambala pali mizere itatu: Mphepo palibe. Sindinakoke. Adikoni anaona.

Zimene ndinauza wapolisi sindikuzibweza. Atandiimbiranso lero ndinganene zomwezo. Chimene ndimapita nacho pamaso pa Mulungu ndi china. Munthuyu ananditulutsa m'nyumba ya maliro n'kundipatsa ntchito imodzi yokha, yowauza pamene chipolopolo chagwera. Anandifunsa kawiri, pageti ndi patebulo. Ndikanayankha, mfutiyo akanakaipereka okha asanafunsidwe ndi munthu wa yunifolomu, ndipo tikanakhala ndi chaka china cha tiyi wa jinja iwo akundidziwabe.

Loweruka lapitali ndinapita kumalo kuja ndekha. A Deriki anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kundiuza kuti malo achinayi anthu amawagwiritsa ntchito kukadzaza, koma akale onse amayamba adzaza enawo. Tsikulo kunali anthu asanu ndi mmodzi, ndiye panali popanda munthu. Simenti ya pamenepo ndi yosalala kuposa ina pamene zigongono za a Gulamu zinkatsamira mkeka. Msomali wa fulasiki ulipo, wachita dzimbiri, ndipo palibe chapachikidwapo. Kumanzere kuli timabowo titatu tosazama pamene miyendo ya galasi langa inkaima. Ndinakhala pakampando kaja popanda galasi. Kutali, chitsulo chachinayi chinali chopakidwa penti yatsopano, choyera pakati pa zinzake zamadonthomadontho. Mphepo inkachokera kumanja, udzu wa pakati pa njira utawerama. Patapita nthawi udzuwo unaima, monga ankaudikirira, ndipo unakhala chiimire kanthawi ndithu. Pamalo achinayi sipanalire kanthu.